Kakokedwe ka insulin mu kabotolo, osaphonya mayunitsi

Abale amene mwangoyamba kudzibaya insulin, kapena mukuwabaya mayi kunyumba, gwirani ichi kaye: insulin sitiyeza ndi ma ml ngati mankhwala akumwa a ana ayi, timawerenga mayunitsi. Pa kabotolo pamalembedwa U-100 kapena 100 IU/ml, ndiye kuti mu 1 ml muli mayunitsi 100, kabotolo ka 10 ml kali ndi 1000. Sirinji nayonso ikhale ya U-100. Kuli masirinji ena a U-40, mukakokera insulin wa U-100 mmenemo mpaka pa 10 ndiye kuti mwadzibaya 25, shuga amagwa moti munthu atha kukomoka. Sirinji wamba ya 2 ml kapena 5 ml ija musayerekeze nkomwe.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa timizere. Pa sirinji ya 1 ml kamzere kamodzi nthawi zambiri ndi mayunitsi 2, pomwe pa ya 0.5 ml ndi yunitsi imodzi, ndiye ngati adokotala anati 14 ndipo muli ndi ya 1 ml, mukafika pa 10 muwerenge timizere tiwiri tokha osati tinayi. Mwezi uno akakupatsani yosiyana ndi ya mwezi watha, musachoke pa windo musanawafunse anesi, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mulingo wake ndi womwe anakulemberani, osati wa aneba poti nawonso ali ndi shuga.

Sambani m'manja ndi sopo. Yang'anani insulin wanu: woyera mbee ngati madzi, monga Actrapid, akhale wopanda tizinyalala, ndipo ameneyu mumabaya kutatsala mphindi 30 kuti mudye. Wooneka ngati mkaka, monga Insulatard kapena Mixtard, mugubuduzeni pakati pa zikhatho kokwana ka 10 kapena kupitirira mpaka asakanikirane bwino, osakhutchumula mwamphamvu chifukwa amachita thovu. Pukutani kalabala ka pamwamba pa kabotolo ndi thonje la sipiliti. Kenako kokerani mpweya mu sirinji wofanana ndi mayunitsi anu, lowetsani singano, kankhirani mpweyawo mu kabotolo, tembenuzani kabotolo kayang'ane pansi singano ili momwemo, nkuyamba kukoka pang'onopang'ono. Mukaona timathovu, gogodani sirinji ndi chala tikwere pamwamba, tibwezereni mu kabotolo nkukokanso, chifukwa thovu limatenga malo a mankhwala ndiye mumadzibaya ochepa osadziwa. Powerenga sirinji ikhale molunjika ndi maso, pamalo powala, ndipo muziwerengera m'mphepete mwa kalabala kakuda ka mkati mwa sirinji, mbali yoyang'ana ku singano. Agogo amene maso akuwavuta, chonde wina aziwaonera.

Ngati anakuuzani kusakaniza mitundu iwiri mu sirinji imodzi, yambani kukoka woyera ngati madzi uja, wamkakayo pambuyo.

Bayani pamimba, kutali ndi mchombo zala ziwiri kapena zitatu, kapena pantchafu. Tsinani khungu pang'ono, kankhani mankhwala onse, werengani mpaka 10 musanazule. Muzisinthasintha malo. Ambiri amakonda malo amodzi poti pasiya kupweteka, koma pamatuluka chotupa cholimba ndipo insulin salowa bwino pamenepo, shuga nkumangokwera-tsika mkumadabwa kuti chavuta nchiyani.

Kabotolo kosatsegula kakhale mu furiji pa 2 mpaka 8 °C, osati mu freezer, akaundana ndiye kuti waonongeka. Kotsegula kamakhala pafupifupi milungu 4, lembani deti pa kabotolopo. Opanda furiji, makamaka kotentha ngati ku Nsanje ndi Chikwawa mu October, kulungani kabotolo mu kapulasitiki, muike mu kamphika kadothi komwe kali mu mphika wina wa mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo.

Mukabaya nkuyamba kunjenjemera, thukuta, njala yoopsa, mwina mutu kuzungulira, sungunulani masupuni ang'ono atatu a shuga m'madzi mumwe pompopompo, kenako mudye chakudya. Munthu akakomoka musamuthire kanthu mkamwa angatsamwe, mugonekeni chammbali nkuthamangira naye kuchipatala.