Injini ikunjenjemera, makina oyezera galimoto aonetsa khodi ya P0201: muyambire pati?

P0201 ikutanthauza kuti magetsi a injekita (kachipangizo kopopera petulo mu injini) ya silinda 1 ali ndi vuto. P0202 ndi silinda 2, choncho choncho. Musathamangire kugula injekita, kawirikawiri wolakwa amakhala waya.

1. Zimitsani injini, zulani pulagi ya injekitayo. Yang'anani dzimbiri, pini yopindika, ndi waya wodyedwa ndi makoswe, makamaka ngati galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe.

2. Yezani mapini awiri a injekita ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi). Pa magalimoto a petulo ngati Toyota Corolla mupeza ma ohm apakati pa 11 ndi 16. Yerekezani ndi ma injekita enawo. Multimeter ikaonetsa OL m'malo mwa nambala, koyilo yaduka mkati mwa injekita.

3. Tsegulani kiyi osaliza injini. Waya umodzi wa pulagi ukhale ndi 12V.

4. Lumikizani noid light (kababu kapadera koyesera magetsi a injekita) pa pulagi, wina alize injini. Iziphethira. Ikangoti zii, tsatani waya mpaka ku ECU, kompyuta ya injini. Babu wamba musayesere, ingaotche ECU.

5. Mukukayikabe? Sinthanitsani injekita 1 ndi 2. Khodi ikasanduka P0202, injekita ndiyo yafa.

Posintha, yambani mwazula fyuzi ya pampu ya petulo, injini ilire mpaka izime yokha kuti presha ya petulo ithe. Ikani O-ring (kamphira kotsekera kuti petulo asadonthe) yatsopano, kenako fufutani khodi.