Mwapeza malo pa yunivesite ku UK? Za katemera, TB ndi tsiku lofika zikonzeni chonchi

Funso limene silikutha m'magulupu a WhatsApp a anthu amene apeza malo ku UK, kaya ndi a Chevening, a Commonwealth, a Beit kaya olipira za m'thumba mwawo, ndi lakuti kodi akufunabe khadi la katemera wa Covid? Ayi, sakufuna. Pa 18 Malichi 2022 boma la UK linachotsa zonse, fomu ija yolemba komwe ukafikire, kuyezetsa usanakwere ndege, kubindikira, zonse zinathera pomwepo, ndipo pa 5 Meyi 2023 a WHO nawo analengeza kuti Covid sinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Khadi lanu la AstraZeneca kapena la Johnson lija litengeni basi, silolemera, adokotala akumeneko akalilemba mu failo yanu, koma pa eyapoti palibe amene akakufunseni.

Ndikumvetsa chifukwa chake anthu akadali ndi mantha. Amene anayenda mu 2021 anaona zakuda. Omicron, mtundu watsopano wa Covid, itatulukira kumapeto kwa Novembala, UK inayamba ndi kuika South Africa, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini pa red list, mndandanda wa maiko oletsedwa, pa 26, kenako pa 28 ife a Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola tinalowamo, masiku awiri okha anthu matikiti ali m'manja. Mwana wasukulu amene anali ndi viza ankaloledwa kulowa inde, koma ankapita kaye ku hotelo yosankhidwa ndi boma masiku 10 n'kulipira mapaundi 2,285, ndalama yoti kwathu kuno ukhoza kukhomera nayo malata nyumba yonse. Pa 15 Disembala anatichotsanso pa mndandandawo. Ndiye amene amakuuzani nkhani zimenezi sakunama, kungoti akukuuzani za chaka chawo. Chimene mungatolepo n'chakuti tikiti gulani yotheka kusintha tsiku ngakhale ikwere pang'ono, ndipo malamulo muziwerenga nokha pa gov.uk sabata imene mukunyamukayo, osati sikirinishoti ya munthu amene anapita zaka zinayi zapitazo.

Zimene zimagwetsa anthu panopa ndi zakalekale zomwe zija, zinalipo mliri usanabwere. Choyamba ndi TB.

Aliyense wochokera ku Malawi kuno, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe ngakhale ku Joni, ngati akukakhala ku UK kupitirira miyezi 6 amayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu asanapemphe viza. Ndipo si chipatala chilichonse ayi, ndi zokhazo zimene Home Office, unduna wa UK woona zolowa ndi kutuluka, inavomereza, mndandanda wake uli pa gov.uk dziko ndi dziko. Mukapita kwa dokotala wanu wa masiku onse, kaya ndi katswiri chotani, pepala lakelo salilandira, ndalama yangopita. Amakujambulani pachifuwa, zikakhala bwino amakupatsani satifiketi ndipo imagwira ntchito miyezi 6 kuchokera tsiku lojambulalo. Apa ndi pamene pamafunika mutu. Mukafulumira kwambiri, mwachitsanzo kuyezetsa mu Januwale chifukwa cha chimwemwe choti akutengani pamene viza mukapempha mu Ogasiti, satifiketi ikhala itatha mphamvu. Mukachedwanso n'kupezeka kuti chithunzi chaonetsa kanthu kokayikitsa, mwina kachipsera ka TB imene munachira muli ku sekondale, amakuuzani kuti mubwere mupereke makhololo m'mawa masiku atatu ndipo zotsatira zake zimatha kutenga masabata 8, palibe woti mungamunyengerere kuti afulumize chifukwa tizilomboto timamera pang'onopang'ono mu labu. Sukulu ikutsegulira mu Seputembala, inu mwayezetsa mu Ogasiti, mwaona mmene zathera eti. Ine ndimati wa Seputembala ayezetse chakumayambiriro kwa Juni, ndipo amene anamwapo mankhwala a TB atenge khadi lake la chithandizo popita kukajambulitsa, asabise. Amayi oyembekezera anene poyamba pomwe, pali njira zina zimene amawapatsa kuti asankhe.

Satifiketiyo muiike m'chikwama cha m'manja tsiku la ulendo, osati mu sutikesi yolowa pansi pa ndege limodzi ndi ufa ndi usipa.

Chachiwiri ndi nkhani imene ambiri sitiiganizira n'komwe, khadi la kusikelo. Funsani mayi anu kapena agogo ngati likadalipo, nthawi zambiri limapezeka mu sutikesi yakale ija pamodzi ndi makadi a ubatizo. Likapezeka lijambuleni mbali zonse ndi foni, mudzitumizire pa imelo. Chifukwa chake n'chakuti mukakalembetsa kwa dokotala kumeneko akakufunsani ngati munabayitsa MMR kawiri, ndipo ambirife tikayankha kuti eya ndinabayitsa zonse ndili mwana, pamene si choncho. MMR ndi katemera wa matenda atatu, chikuku, matsagwidi ndi rubella. Ife amene tinabadwa m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 tinkabayidwa wa chikuku yekha tili ndi miyezi 9, wa rubella anadzalowa mu 2017, ndipo wa matsagwidi sali pa ndondomeko ya kusikelo kwathu kuno. Matsagwidi timangowatenga ngati matenda a ana, kutupa masaya sabata imodzi basi, koma akakugwira uli wamkulu amazunza, kwa abambo amatha kutupitsa ndi kumaliseche komwe, ndipo m'mahositelo a mayunivesite a ku UK amabuka ndithu. MMR amabaya kawiri, pakati pamadutsa mwezi. Khadi likasowa musadandaule ndipo chonde musagule labodza, mukangonena kuti mbiri yanga ya katemera sikudziwika akakubayani mwaulere, kubayitsanso wa chikuku kachiwiri sikuvulaza. Woyembekezera komanso amene chitetezo chake cha m'thupi n'chofooka kwambiri sabayidwa MMR.

Winayo ndi MenACWY, woteteza ku mitundu inayi ya matenda oumitsa khosi. Jakisoni m'modzi pamkono, waulere kwa amene akulowa yunivesite koyamba ndipo sanakwanitse zaka 25. Palibe amene akakukakamizeni, UK si ngati America kumene masukulu ambiri amakutsekera kulembetsa makosi mpaka fomu ya katemera itakwana, koma ine ndikanakhala inu ndikanabayitsa sabata yoyamba yomweyo, chifukwa masabata oyambawo ndi pamene anthu ochokera kumaiko osiyanasiyana amaunjikana m'makitchini ndi m'maholo n'kumapatsirana chilichonse. Wa Covid masiku ano a NHS, azaumoyo a boma la UK, amapereka mwaulere kwa okalamba ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chofooka, ndiye ngati muli m'gulu limeneli muwauze.

Za njira tsopano. Kuchokera pa KIA kapena pa Chileka palibe ndege yolunjika ku London, mudutsira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. UK safuna khadi la yellow fever, koma Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa maiko amene matendawa amapezeka, ndiye pobwerera kumudzi pa holide kapena podzachita kafukufuku, mukakhalitsa pa eyapoti ya kumeneko kupitirira maola 12 akhoza kukufunsani kabuku kachikasu kaja polowa ku Malawi kapena ku South Africa. Ndege ikachedwa n'kukugonekani ku hotelo ku Addis, maola 12 sachedwa kukwana. Kabukuka kamayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 mutabayitsa, ndipo kuyambira 2016 n'ka moyo wonse, kubaya kamodzi basi. Bayitsani musananyamuke, ku UK katemera ameneyu ngwolipira ndipo si wotchipa. Kanthu kena, ngati mukabayitsa yellow fever ndi MMR kwathu konkuno, uzani anesi kuti mukufuna onse awiri, amafuna kuti atalikirane masabata anayi.

Mapepala a sukulu amayendera CAS, nambala imene yunivesite imakupatsani ikatsimikiza kuti mukubweradi. Imagwira ntchito miyezi 6 komanso kamodzi kokha, viza akakukanani mufunika ina. Ikangofika iwerengeni mzere ndi mzere, dzina lifanane ndi la mu pasipoti, nambala ya pasipoti, ndalama zimene mwalipira kale, ndipo muyang'ane masiku awiri, loyamba maphunziro ndi lomaliza limene angakulandireni mutachedwa. Viza mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6 kuti sukulu iyambe, yankho nthawi zambiri limatenga masabata atatu koma Julayi ndi Ogasiti dziko lonse limakhala pamzere womwewo. Amene mukukachita masters kapena PhD ya zasayansi ndi zauinjiniya funsani msanga ngati kosi yanu ikufuna ATAS, chilolezo chapadera cha boma la UK, imeneyo imadya masabata angapo payokha ndipo popanda iyo viza siituluka.

Olipira okha, ndalama za fizi ndi zokhalira ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikako ngakhale tsiku limodzi, ndipo sitetimenti yake isapitirire masiku 31 pofika tsiku lopempha. A Home Office amasintha makwacha anu kupita ku mapaundi potengera mtengo wa tsiku limene mwapemphalo, ndiye musaike ndalama yongokwanira ndendende, tonse tikukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Palinso ndalama ya zaumoyo, IHS, imene kuyambira Febuluwale 2024 ana asukulu amalipira mapaundi 776 pa chaka, yonse pamodzi popempha viza, muonenso pa gov.uk ngati sanakweze. Imapweteka polipira ndi mmene forex ikuvutiramu koma ndi imene imakutsegulirani NHS, ndiye kupita kumeneko n'kumadwalira m'chipinda osaonana ndi dokotala n'kutaya ndalama yanu yomwe.

Viza ya masiku ano ndi eVisa, ya pa intaneti, kakhadi ka BRP kaja koonetsa chilolezo chokhala ku UK kanatha kumapeto kwa 2024. Mumatsegula akaunti ya UKVI, ofesi ya maviza ya UK, pa intaneti, n'kuonetsetsa kuti pasipoti imene mukuyendera ndi imene yalumikizidwa. Chitani zimenezi mukadali kuno, ndipo imelo ndi nambala ya foni zimene mwaikapo zikhale zoti mukazipeza muli kunja, chifukwa kodi yolowera amatumiza kumeneko, SIM ya kumudzi ikakana kugwira pa Heathrow mudzatuluka thukuta kunja kukuzizira. Musafike tsiku loyamba la viza lisanakwane, pa kosi yopitirira miyezi 6 amakulolani kulowa kutatsala mwezi umodzi basi.

Nthawi ya mliri boma linalola kuti munthu ayambe maphunziro pa intaneti ali kwawo n'kudzafika pambuyo, koma chilolezo chimenecho chinatha mu 2022. Panopa mukaona kuti viza ikuchedwa lemberani ofesi ya ana asukulu ochokera kunja nthawi yomweyo, musadikire tsiku lidutse, mwina akhoza kukuwonjezerani sabata kapena kukusunthirani ku Januwale kapena chaka chamawa. Mukangokhala chete osafika, sukulu imakakamizidwa kukanena ku Home Office kuti simunalembetse ndipo viza ija amaithetsa. A sikolashipu muuzenso amene akukulipirirani, ena salola kusuntha chaka.

Mukafika, kulembetsa kwake ndi pasipoti, share code, kodi yoonetsa kuti muli ndi viza, yochokera mu akaunti ya UKVI ija, ndi masatifiketi anu enieni ngati anawaitanitsa. Tsiku lomwelo kapena mawa lake lembetsani kwa GP, dokotala wa masiku onse, wapafupi, ndi zaulere ndipo masukulu ambiri ali ndi kiliniki yawo pakampasi pompo. Musadikire kudwala. Apo ndi pamene mukatulutse zithunzi za khadi la kusikelo zija n'kupempha MMR ndi MenACWY. Amene muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ma ARV, nyamulani okwanira miyezi ingapo m'mabotolo ake enieni ndi kalata ya adokotala, chithandizo cha HIV ku UK n'chaulere kwa aliyense ndipo sichikhudza viza yanu.

Chimfine cha masabata oyamba chimagwira pafupifupi aliyense, koma pali ziwiri zoti musazitenge ngati chimfine. Mutu waukulu, kutentha thupi, khosi kuuma, kudana ndi kuwala, kusanza, kusokonezeka, zimenezo imbani 999, nambala ya ambulansi, osadikira kuti kuche, ngakhale munabayitsa, chifukwa MenACWY sateteza ku mtundu wa B. Mapepala awo amakamba za timadontho tofiira tosazimirira ukatidinikiza ndi tambula yagalasi, pakhungu lakuda ngati lathu sitioneka msanga, yang'anani m'manja, kumapazi kunsi, mkati mwa zikope ndi m'kamwa kumwamba. Chinacho ndi malungo. Thupi likatentha m'miyezi yoyamba mutachoka kumudzi imbani 111, nambala ya NHS, kapena pitani ku A&E, dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi kuchipatala, ndipo munene nokha kuti ndachokera ku Malawi, mundiyeze malungo, chifukwa dokotala wa ku Leeds kapena ku Aberdeen mu Okutobala maganizo ake amathamangira ku chimfine ndi Covid, ndipo LA sagulitsa pa kauntala kumeneko.