Momwe mungathandizire kholo lanu la ng'ala kuti liyambirenso kuona

M'midzi yambiri ya kuno ku Kasungu muli agogo amene anasiya kulima, anasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti okha, ndipo popita kuchimbudzi amawagwira dzanja ndi mdzukulu yemwe bwenzi ali kusukulu. Mukafunsa a pabanjapo amangoti, "Ndi ukalamba, titani nanga?" Yankho limeneli limandiwawa, chifukwa ambiri mwa agogo amenewa chowavuta ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa. Padziko lonse ndiyo imachititsa khungu anthu ochuluka kuposa nthenda ina iliyonse, koma khungu lake ndi lobwezeka.

Mkati mwa diso, kuseri kwa kadontho kakuda ka pakati pa diso, muli kagalasi kolowetsa kuwala. Munthu akamakula kagalasika kamayamba kuyera pang'onopang'ono, ndipo imeneyi ndiyo ng'ala. Matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala m'diso ndi mankhwala ena ochepetsa kutupa otchedwa steroid ogwiritsidwa ntchito nthawi yaitali zimafulumizitsa vutoli. Palibe mankhwala odontheza kapena a zitsamba amene amalisungunula. Njira yake ndi opaleshoni basi.

Yambani ndi kumvetsera zimene akudandaula

Wa ng'ala samva kuwawa. Amati zonse zikuoneka ngati kunja kwagwa nkhungu, dzuwa likuwathobwa m'maso, magetsi a galimoto usiku akuwasokoneza, kapena munthu amamudziwa pokhapokha akalankhula. Amayi amasiya kusankha nyemba, abambo amalephera kusiyanitsa masamba a fodya m'chigafa. Musadikire kuti diso liyere mbee. Kuona kukangoyamba kuwalepheretsa ntchito zawo, nthawi yakwana.

Pakadali pano aletseni kuthira chilichonse m'maso. Madzi a masamba, utomoni, mkaka wa m'mawere, shuga, zonsezi zimatha kuyambitsa chilonda pa khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, ndipo chipsera chake opaleshoni ya ng'ala siyingachichotse.

Pitani nawo akayezedwe

Tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, mupite kuchipatala chapafupi, kaya ndi Santhe, Chulu, Kaluluma kapena Wimbe, kuti akulembereni kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu cha boma pa Kasungu. Kumeneko funsani za kiliniki ya maso. Adzawaimika patali n'kuwauza kuti awerenge zilembo za pa tchati, diso limodzi atatseka. Amene sanapite kusukulu asachite manyazi, pali tchati china chongoloza ndi dzanja kumene chilembo chayang'ana. Nthawi zambiri amadontheza mankhwala okulitsa kadontho kakuda kaja kuti aone mkati, ndipo maso amachita chimbuuzi kwa maola angapo, choncho musawasiye abwerere okha.

Apa ndipo ndikufuna kutsindika, chifukwa sikuti aliyense wosaona bwino ali ndi ng'ala. Pali glaucoma, nthenda yomwe imapha mtsempha wa diso mwakachetechete, kawirikawiri chifukwa cha kukwera kwa mphamvu ya madzi a m'diso. Imayamba kudya kuona kwa m'mbali, imayenda m'banja, ndipo imavuta kwambiri anthu akuda opitirira zaka 40. Kuona kumene glaucoma yatenga sikubwereranso. Mankhwala kapena opaleshoni zimangoteteza komwe kwatsala. Pemphani kuti awayeze zimenezi, ndipo ngati apezeka nayo, ana awo nonse mukayezetsenso. Wa matenda a shuga ayenera kuonetsa mkati mwa maso kamodzi pachaka ngakhale akuona bwinobwino.

Palinso agogo amene tsitsi la m'zikope linapindikira mkati n'kumakanda diso. Izi ndi zotsalira za trachoma, nthenda yopatsirana ya m'maso yomwe imasiya zipsera mkati mwa zikope. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la dziko, koma amene anadwala kale zikope zawo sizinawongoke zokha. Kuzula tsitsilo ndi kongopumulitsa masiku ochepa. Pali opaleshoni yaing'ono yowongola chikope.

Konzekerani ulendo

Akatsimikiza kuti ndi ng'ala, funsani zinthu ziwiri: opaleshoni ikachitikira kuti, ndipo liti. Nthawi zina madokotala a maso amabwera kudzachita maopaleshoni m'zipatala za m'maboma, ndiye lembetsani dzina ndi kusiya nambala ya foni imene imagwira. Apo ayi adzakutumizani ku Lilongwe, ku Lions Sight First Eye Hospital ya pa Kamuzu Central, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 mumsewu wa M1. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma nachonso n'chodziwika pa za ng'ala. M'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere, koma ku mishoni funsiranitu za ndalama musanakwere minibasi.

Sonkhanani pabanja za thiransipoti ndi chakudya, ndipo sankhani gadiyani wamphamvu, wodziwa kuwerenga, amene adzamve malangizo n'kuwasunga. Musatume mwana. Ngati agogo ali ndi BP kapena shuga, amwe mankhwala mosadumphitsa masabata akutsogoloko, poti zikapezeka zakwera adokotala amasuntha tsiku, inu n'kubwerera ndalama zitapita. Chifuwa chotsokomola kwambiri kapena diso lotuluka mafinya zimasunthitsanso tsiku. Ngati amamwa aspirin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi, nenani.

Ndiye pali mantha. Agogo ambiri anamva kuti diso amalitulutsa n'kuliika pambale, ena amati amaikamo diso la mbuzi. Musawaseke kapena kuwakalipira. Khalani nawo pansi muwauze kuti, "Agogo, diso lanu silichoka m'malo mwake, ndipo sakugonetsani tulo." Ngati kumudzi kapena kumpingo kuli munthu amene anachitidwapo opaleshoniyi, mutengeni adzacheze nawo. Mawu a mnzawo wa msinkhu umodzi amalowa kuposa a ife ana.

Tsiku la opaleshoni

Asambe bwino, asukusule nkhope, ndipo pa za kudya tsatirani zimene anamwino anena. Amayeza diso kuti adziwe mphamvu ya kagalasi koyenera, kenako amabaya jakisoni wa dzanzi pambali pa diso. Dokotala amacheka pang'ono, amatulutsa kagalasi koyera kaja n'kuikamo ka pulasitiki komwe kamakhala moyo wonse. Kawirikawiri sizipitirira theka la ola. Ntchito ya wodwala ndi kugona chagada osagwedeza mutu. Akafuna kutsokomola anene kaye. Amachita diso limodzi, linalo tsiku lina. Bandeji amaichotsa m'mawa mwake, ndipo ambiri amayamba kuona pomwepo, ngakhale kuona kumanka kukhala bwino m'masabata otsatira.

Kunyumba ndiye kuli ntchito yanu

Dokotala akhoza kugwira ntchito yabwino koma diso n'kuonongekera pakhomo. Adzakupatsani mankhwala odontheza a mwezi umodzi kapena kupitirirapo. Sambani m'manja ndi sopo musanadontheze, kokerani chikope cha m'munsi pansi, donthezani dontho limodzi, kamwa ya botolo isakhudze diso. Ngati mabotolo ali awiri, dikirani mphindi 5 pakati pake. Musasiye chifukwa choti akuona tsopano, ndipo botololo musabwereke wina.

Asatikite diso, ngakhale likunyerenyetsa. Asalowe m'khitchini ya utsi, asapete chimanga, asasese bwalo, asasenze ndowa kapena kugwira khasu mpaka adokotala atawalola. Posamba madzi ndi sopo zisalowe m'diso. Fumbi la Kasungu la mwezi wa Okutobala mukulidziwa, choncho popita kokaonetsa diso avale magalasi akuda, makamaka mukakwera kabaza. Agogo akayamba kuona amafuna kubwezera ntchito zonse zimene anazisiya, ndipo kuwaletsa kumafuna mtima wofatsa.

Pa tsiku limene anakulemberani kuti mubwerere, bwererani ngakhale zonse zikuoneka bwino. Pamenepo ndi pomwe mungafunse za magalasi owerengera ndi tsiku la diso lachiwiri. Koma diso likayamba kuwawa kwambiri, kufiira mowonjezereka, kutupa, kutuluka mafinya, kapena kuona kukayamba kubwerera m'mbuyo, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale Loweruka kapena Lamulungu, chifukwa tizilombo tikalowa mkati mwa diso timaliononga m'masiku ochepa. Chimbuuzi chobwera pang'onopang'ono patapita miyezi kapena zaka, chopanda ululu, nthawi zambiri chimakhala kakhungu kogwira kagalasi katsopano kaja kachita mbuu. Kameneko amakaboola ndi kuwala kwa makina otchedwa laser m'mphindi zochepa popanda kuchekanso, ndipo a kiliniki ya maso adzakuuzani kokapita.