Momwe mungawotcherere chigamba pa bodi ya galimoto ngati mukungoyamba kumene

Chitsulo cha bodi ya galimoto n'chopyapyala kwambiri, nthawi zambiri sichidutsa milimita imodzi. N'chifukwa chake munthu wozolowera kuwotcherera mageti akhoza kubowola chitseko cha galimoto atangogunditsa moto. Chofunika kuchiopa pa ntchitoyi ndi kutentha. Kukachuluka, chitsulo chimabowoka kapena kupindika, ndipo penti sangabise zimenezo.

Makina oyenera wophunzira ndi a MIG, omwe amatulutsa okha waya wowotcherera uku gasi akutchinga mpweya kuti usafike pomwe mukuwotcherera. Akhale ndi waya wa mamilimita 0.6 ndi gasi wosakaniza argon ndi carbon dioxide, makamaka wa 75 ndi 25 peresenti. Makina a marodi amatentha mopitirira pa chitsulo chotere, ndipo ine sindingalangize woyamba kumene kuti awayese pa galimoto.

Musanayatse chilichonse, chotsani waya wa negetivi pa batire. Suzumirani kuseri kwa malo omwe mukufuna kuwotcherera: kapeti, mawaya, siponji, mapaipi a mafuta ndi phula lomwe amapaka kunsi kwa galimoto, zonsezi zimayaka. Phimbani magalasi, chifukwa timoto tothetheka timasiya timabala tosachoka. Valani helimeti yowotcherera, magolovesi achikopa ndi ovolosi ya thonje, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi. Musatsuke chitsulo ndi mankhwala otsukira mabuleki omwe ali ndi chlorine. Akatenthedwa amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosgene. Utsi wa chitsulo chokutidwa ndi zinc nawonso umadwalitsa, choncho palani zinc pamalopo ndipo gwirirani ntchito podutsa mpweya, koma posawomba mphepo yoti ingauluze gasi wanu.

Kenako dulani dzimbiri lonse mpaka mufike pachitsulo chowala. Apa musaumire. Dzimbiri siliwotcherereka, ndipo lotsala limabwerera pansi pa penti. Palani penti kuzungulira bowolo, masentimita awiri kapena atatu, mbali zonse ziwiri ngati kuseri kukufikika. Jambulani bowolo pa katoni, ndipo mudule chigamba pa chitsulo chokhuthala mofanana ndi cha bodiyo. Chilowe bwino m'bowomo, mpata wake usapose kukhuthala kwa waya wanu wowotcherera. Chigwiritseni ndi maginito, ndipo waya wa earth wa makinawo mumange pachitsulo chopalidwa, pafupi ndi chigambacho.

Yesani kaye makina pa zidutswa zotsala. Tembenuzani chidutswacho muone kuseri: ngati moto walowa bwino, pamaoneka kachizindikiro kosungunuka. Ngati dontho langokhala pamwamba ngati kampira, onjezerani moto. Ngati pakubowoka, chepetsani.

Tsopano mfundo yomwe ambiri amaiphonya: musakoke mzere wautali. Wotchererani ndi madontho. Finyani batani kwa sekondi imodzi kapena kucheperapo, n'kusiya. Yambani ndi madontho anayi otalikirana, muone ngati chigamba chili chofanana ndi bodi poyendetsa chala pamwamba pake. Ngati m'mphepete mwatukuka, menyani pang'onopang'ono ndi hamala mutatsamiritsa chitsulo cholemera kuseri. Pitirizani kuika madontho motalikirana pafupifupi masentimita atatu, uku mukudumphadumpha: lina kumwamba, lina kumunsi, lina kumanzere. Dikirani pazizire mpaka muzitha kuikapo dzanja musanabwererenso mbali yomweyo. Madontho atsopano aziluma m'mbali mwa akale mpaka mpata wonse utsekeke. Zimatenga nthawi, inde, koma kuwongola chitseko chopindika kumatenga nthawi yoposa pamenepo.

Pakabowoka musataye mtima. Lekani pazizire, tsamiritsani kachidutswa ka kopa kuseri, n'kudzaza bowolo kuyambira m'mphepete. Chitsulo chosungunuka sichimatirira pa kopa.

Mukamasalaza ndi gilayinda, dyani madontho okha osati chitsulo cha m'mbali, ndipo muzipumira, pakuti gilayinda nayo imatenthetsa. Walitsani tochi kuseri. Paliponse pomwe kuwala kukutulukira pali kabowo kofunika dontho lina. Mukatero pakani epoxy primer, penti woyambirira woteteza ku dzimbiri, mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chowotchereredwa chimachita dzimbiri msanga, makamaka kuseri komwe maso safika. Filler, phala losalazira bodi, abwere pambuyo, wochepa chabe. Musachoke pagalimotopo kwa mphindi 30, muzinunkhiza ndi kusuzumira ngati china chikunyeka mkati.

Yambirani pa ma mudguard ndi kunsi kwa zitseko. Chasisi, mizati yogwira denga ndi pomangira malamba a mipando musiyire katswiri, chifukwa malo amenewa ndi omwe amateteza anthu pangozi, ndipo m'magalimoto ambiri amakono amapangidwa ndi chitsulo cholimba mwapadera chomwe chimafooka chikatenthedwa molakwika.