Momwe mungaperekere kangachepe kwa wotikita minofu ku spa ku South Africa

Ku South Africa, munthu amene wakutikitani minofu ku spa amayembekezera kangachepe pamwamba pa mtengo wolembedwa, ndipo anthu ambiri amapereka pakati pa 10 ndi 15 peresenti, monga zimakhalira m'malo odyera. Kuwerengera kwake sikuvuta, koma chofunika kusamala nacho ndi chakuti ndalamayo ifike m'manja mwa amene wagwira ntchitoyo.

Choyamba, musanalowe m'chipinda, funsani polandirira alendo ngati mtengowo uli kale ndi service charge, yomwe ndi ndalama yowonjezera yolipirira utumiki wa ogwira ntchito, chifukwa malo ena, makamaka a m'mahotela, amaiwonjezera okha pa lisiti. Funsaninso dzina la amene akutikiteni ndipo mulisunge.

Chachiwiri, werengerani pa mtengo weniweni, osati wotsitsidwa. Ngati masaji a ola limodzi ndi R800 koma inu mwalowa ndi vocha ya R500, 10 peresenti ya R800 ndi R80, popeza manja a wotikitayo agwira ntchito ola lathunthu.

Chachitatu ndi kaperekedwe, ndipo apa ndi pamene zinandisokonekera. Ku spa ina ku Johannesburg ndinawonjezera kangachepe pa makina a khadi, ndinasayina, n'kuchoka mtima uli m'malo. Nditapitanso, ndinafunsa mayi amene ananditikita ngati analandira. Anali akupukuta mafuta m'zala ndi kathawulo, ndipo anayankha motsitsa mawu kuti ndalama za pakhadi zimasonkhanitsidwa pamodzi n'kugawidwa kwa onse mwezi ukatha, moti iwo sakanadziwa kuti inalipo yochokera kwa ine. Zinandipweteka, chifukwa mayiwo anathera mphamvu zawo pamsana panga ataimirira ola lonse. Si spa iliyonse imene imachita choncho, koma inu monga mlendo simungadziwe za mkati.

Ndiye nyamulani ndalama yapamanja. Sinthiranitu kusitolo kuti mukhale ndi ma R20 ndi ma R50, popeza makina a kubanki kawirikawiri amatulutsa ma R100 ndi ma R200, ndipo kupempha chenji kwa munthu amene mukumuthokoza n'kosayenera. Ikani ndalamayo mu envulopu, lembani dzina lija, ndipo mupereke pamanja mutavala kale, nthawi imene akukubweretserani madzi akumwa. Musaisiye pabedi pakati pa mathawulo, chifukwa ikhoza kupita limodzi ndi zochapa kapena kutoledwa ndi wokonza chipinda amene sakudziwa mwini wake. Ngati wotikitayo walowa kale kwa kasitomala wina, siyani envulopuyo yomata polandirira alendo ndipo mutchule dzinalo momveka.

Zotsalazi n'zachidule. Ngati akutumikirani anthu awiri, wina pa minofu ndi wina pa zikhadabo kapena nkhope, aliyense alandire yake malinga ndi mtengo wa ntchito yake. Kwa physiotherapist, katswiri wa mafizo wa kuchipatala, simupereka kangachepe, chifukwa chimenecho ndi chithandizo cha mankhwala. Ngati ntchito sinakusangalatseni, nenani kwa woyang'anira malowo musanalipire, kuti adziwe chimene chinalakwika.