Kamakina koyezera chinyezi musamakapusitse ndi dzuwa

Anzanga akuno ku Nsanje ndi Chikwawa amene mumagwiritsa ntchito moisture meter poyeza chimanga, chonde musamayeze chongochotsa padzuwa, kutentha kwathu kuno mukukudziwa kale, njere zikakhala zamoto kamakinako kamatha kunama. Tapani pang'ono pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, chiikeni pamthunzi chizizire kaye ndiye muyeze katatu. Manambalawo muzilemba mu kope tsiku ndi tsiku kenako mujambule ka girafu, masiku mmunsi chinyezi mmbali, ngati zakusukulu zija eti. Mzere ukatsika mpaka 13% kapena kuchepera apo basi chauma, sokani matumba. Batire yofooka nayonso imasokoneza manambala, ine ndimayenda ndi ya sipeya mthumba.