Momwe mungafotokozere pa Chingerezi zovala zimene mayi anali atavala

Tiyerekeze kuti munakwera minibasi pa Nchalo kupita ku Bangula, ndipo mayi amene munakhala naye mpando umodzi anatsikira pa Ngabu n'kuiwala chikwama chake. Dzina lake simukulidziwa, koma zovala zake mukuzikumbukira bwino. Kwa kondakitala mukhoza kufotokoza m'Chichewa, m'Chisena kapena m'Chimang'anja popanda vuto, koma wophunzira amene akulemba chimangirizo pa mayeso a JCE kapena MSCE, ngakhalenso munthu amene akulemba lipoti kuntchito, ayenera kuzifotokoza pa Chingerezi, ndipo nthawi ya mneni imene imagwira ntchito imeneyi ndi yomwe aphunzitsi amaitcha past continuous.

Choyamba, siyanitsani matanthauzo awiri a mawu oti kuvala, pakuti apa ndi pamene ambiri amapunthwa. M'chinenero chathu mneni mmodzi yemweyo amaimira kulowetsa chovala m'thupi komanso kukhala nacho m'thupi. Chingerezi chili ndi aneni awiri: "put on" ndi ntchito ya kanthawi kochepa imene munthu amachita akangotuluka m'bafa, pamene "wear" ndi kukhala m'chovalacho tsiku lonse. Choncho mukalemba kuti "She was putting on a red dress at Ngabu market", monga mmene ana asukulu ambiri amalembera, mwanena kuti mayiyo anali pakati pa msika akulowetsa mutu ndi manja m'diresi anthu akuona, zomwe sizimene mumafuna kunena. Mawu athu oti "anali atavala" amafanana ndi "was wearing". Ena amakopeka ndi kamawu ka "-ta-" n'kulemba "she had worn", koma chiganizo chotero chimapereka ganizo loti anavalapo chovalacho nthawi ina m'mbuyomo, osati kuti chinali m'thupi mwake pamene inu munkamuona.

Chachiwiri, mangani mneniyo. Pamafunika zigawo ziwiri, ndipo chimodzi chikasowa chiganizo chimagwa. Chigawo choyamba ndi "was" ngati mukunena za munthu mmodzi kapena za inu mwini, ndi "were" ngati anthuwo ndi ambiri kapena mukugwiritsa ntchito "you". Chigawo chachiwiri ndi mneni wothera ndi "-ing". Motero timapeza "She was wearing" ndi "The women were wearing". Samalani ndi kalembedwe ka aneni angapo: "carry" amakhala "carrying", "tie" amasintha kukhala "tying", ndipo "put" amabwereza lemba lomaliza kukhala "putting".

Chachitatu, tchulani chovalacho ndi kamawu kake koyambira. Diresi, siketi ndi bulauzi zimafuna "a" patsogolo: "a dress", "a skirt", "a blouse". Mawu otsatira akayamba ndi liwu la lembo la liwu mumagwiritsa ntchito "an", monga "an orange blouse". Zinthu zoyenda ziwiriziwiri, monga nsapato ndi ndolo, sizilandira "a" pokhapokha mutanena "a pair of", kotero mulembe "black shoes" kapena "a pair of black shoes". Duku ndi "headscarf". Za chitenje, maganizo anga ndi oti muchisiye ndi dzina lake lomwelo, "a chitenje", chifukwa wowerenga aliyense wa m'Malawi amachidziwa, ndipo mawu oti "cloth" amene ena amalemba sasonyeza n'komwe kuti chinali chomangidwa m'chiuno.

Chachinayi, ikani afotokozi m'malo awo. Ife timayamba ndi dzina la chinthu kenako n'kulifotokoza, "diresi lalitali lofiira", pamene Chingerezi chimayamba ndi afotokozi ndipo dzina limabwera kumapeto. Afotokoziwonso ali ndi ndondomeko yawo: kukula kapena kutalika kumayamba, mtundu, monga kufiira, umatsatira, ndipo nsalu yomwe chovalacho chinasokedwera imakhala moyandikana ndi dzina. Ndiye chifukwa chake timati "a long red cotton dress", osati "a cotton red long dress". Afotokozi atatu ndi okwanira. Maluwa, mizere kapena madontho a pa nsalu mukhoza kuwaika pambuyo pa dzina pogwiritsa ntchito "with", monga "a blue chitenje with yellow flowers".

Chachisanu, mangirirani chiganizo chanu ku nthawi yeniyeni, chifukwa mneni wamtunduwu amajambula chithunzi cha zimene zinalipo pamene chinthu china chinkachitika. Chinthu chachiwiricho chimalembedwa mu simple past, nthawi ya zimene zinachitika n'kutha monga "got off", ndipo chimalumikizidwa ndi "when": "When she got off at Ngabu, she was wearing a white blouse." Ngati mukunena za chizolowezi, monga mayi amene ankavala yunifolomu ya Mvano Lachinayi lililonse, past continuous siyoyenera, pamenepo mulembe "She wore her uniform every Thursday."

Mafunso ndi kukana n'zosavuta. Pofunsa, "was" amadumpha n'kukhala patsogolo pa mwininkhani: "What was she wearing?" Pokana mumaika "not" pakati: "She was not wearing a jersey", chiganizo chimene m'chigwa cha Shire chino, ndi kutentha kwa mu Okutobala, chimakhala choona pafupifupi kwa aliyense.

Pali msampha wina umodzi umene ndimauona kawirikawiri m'makope. Mneni "have", akamatanthauza kukhala ndi chinthu, salandira "-ing". Choncho "She was having a brown bag" n'kulakwitsa. Mulembe "She had a brown bag", kapena, ngati mukufuna kuti chithunzicho chikhale chamoyo, "She was carrying a brown bag". Mneni "carry" ndi yemwenso mungagwiritse ntchito pa mwana wakumbuyo ndi dengu lapamutu.

Tsopano phatikizani zonse, kuyambira kumutu kutsikira kumapazi, kuti wowerenga asasochere. Mayi wa m'minibasi uja tingamufotokoze motere: "When she got off at Ngabu, she was wearing a green headscarf, a white blouse and a blue chitenje with yellow flowers. She was not wearing shoes but plastic slippers, and she was carrying a baby on her back." Mukatha kulemba ndime yanu, bwererani pa "-ing" aliyense ndipo muone ngati "was" kapena "were" ali patsogolo pake, kenako fufuzani "putting on" aliyense n'kudzifunsa ngati mayiyo analidi mkati movala pa nthawiyo kapena anali atavala kale.